BESI M'GALIMOTO: Kumanga Bokosi la Sipika m'Kabokosi ka Kutsogolo

Munthu akagula galimoto yaing'ono, kapena vani ya mipando iwiri yotengera katundu kumbuyo, masiku oyamba amakondwa nazo zonse. Koma tsiku lina alikuyenda pa mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Chingola, atatsegula nyimbo ya kalindula, amazindikira kuti kanthu kena kalikusoweka. Woyimba alikumveka, gitala alikumveka, koma besi, amene ali msana wa nyimbo yotere, palibe. Cimene catsala ndi kugogoda kokha, monga ngati mwana alikumenya citini. Masipika aang'ono a m'zitseko sakhoza kutulutsa mau akulu a pansi.

Mankhwala a bvuto limeneli ndi sipika ina yapadera imene a m'masitolo amaicha subwoofer. Nchito yace ndi imodzi yokha, kuyimba besi. Anthu ambiri amaiika m'bokosi lalikulu kumbuyo, m'buti. Koma mwini vani alibe buti, ndipo mwini banja afuna buti yace ikhale ya matumba a ufa ndi masutukesi a ana a sukulu. Cifukwa cace ena amayang'ana kabokosi kaja kali kutsogolo kwa maondo a munthu wokhala pambali pa dalaivala, kosungiramo mapepala a galimoto. M'Cingerezi amakacha glovebox, pakuti oyendetsa galimoto zoyamba, zimene zinali zapululu ndi zozizira, ankasungamo zobvala za m'manja. Nkhani ya lero ifotokoza ngati besi angakhale m'malo opapatiza otere, mamangidwe a bokosi lace, ndi ngozi zimene mmisiri ayenera kuzipewa.

CIFUKWA CACE SIPIKA IFUNA BOKOSI

Mau onse ndi mpweya wogwedezeka. Sipika ili ndi mbale ya pepala lolimba, waya wokulungidwa ndi maginito. Magetsi akalowa m'waya muja, mbale imapita kutsogolo ndi kubwerera kumbuyo, nikankha mpweya. Sipika ya mtundu umenewu anaikonza Chester Rice ndi Edward Kellogg, a kampani ya General Electric ku America, nalengeza nchito yao m'caka ca 1925, ndipo masipika ambiri a lero akali kutsata njira yomweyo. Kugwedezeka kumodzi pa sekondi amakucha hertz imodzi. Khutu labwino la mwana limamva kuyambira pa hertz 20 kufikira pa 20,000. Mau aang'ono osongoka ali kumwamba, mau akulu ali pansi. Subwoofer imagwira nchito pansi peni peni, kuyambira pa hertz ngati 80 kutsika.

Tsono bvuto lace ndi ili. Pamene mbale ikankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwace imasiya mpata, ndipo mpweya wokankhidwa uja umangozungulira m'mphepete mwa mbale kukadzaza mpatawo. Munthu akakankha madzi a m'beseni ndi cikhato cace pang'ono pang'ono amaona cinthu comweci: madzi amangothawira kumbuyo kwa dzanja. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi, cotero funde limodzi la mau a hertz 50 litalika pafupi-fupi mamita 7, ndipo mbale yaing'ono siikhoza kulichinga funde lotere. Mau a kutsogolo ndi a kumbuyo amaphana, besi nazimirira. Nchito ya bokosi ndiyo kutsekera mau a kumbuyo kuti asakomane ndi anzao. Yense wokayika ayese kuliza sipika ili m'manja, kenaka aikhazike pakamwa pa ndowa. Adzamva yekha kusiyana kwace.

Pano pali cinthu cimodzi cimene amisiri atsopano amalakwa. Iwo amayesa kuti bokosi la sipika lili ngati ng'oma. Iai. Thupi la ng'oma limathandiza cikopa kulira, koma bokosi la sipika liyenera kukhala cete. Khoma lace likamanjenjemera limaba mphamvu ya besi ndi kuonjezapo phokoso lace lonyansa. Bokosi labwino ndi lolimba, losapindika, losadontha mpweya.

LAMULO LA MPWEYA WOTSEKEREDWA

Mnyamata akatseka ndi cala pakamwa pa pampu ya njinga, nakankha, mpweya wa m'kati umabweza dzanja lace ngati sipuling'i. Mpweya wa m'bokosi lotseka umacita cimodzimodzi ndi mbale ya sipika, ndipo bokosi likacepa, sipuling'iyo imauma. Edgar Villchur wa ku America ndiye anapindula nako kudziwa kumeneku: m'caka ca 1954 anatulutsa sipika yochedwa AR-1, ya mbale yofewa m'bokosi laling'ono lotseka, imene inadabwitsa anthu ndi besi wace. Pambuyo pace Neville Thiele wa ku Australia, m'caka ca 1961, ndi Richard Small, kuciyambi kwa zaka za 1970, analemba masamu amene opanga masipika amatsata. Ndico cifukwa cace sipika yabwino imadza ndi pepala la manambala.

Pa pepala limenelo manambala awiri ndiwo oyamba kuyang'ana. Fs ndi hertz imene mbale imakonda kugwedezekapo ili panja pa bokosi. Vas ndi malita oonetsa kufewa kwa mbaleyo. Citsanzo ndi ici: sipika ya Fs 40 ndi Vas ya malita 15 ikaikidwa m'bokosi la malita 12, mlingo wace umakwera kufika pa hertz 60, koma ikapanikizidwa m'bokosi la malita 5, umakwera kufika pa 80. Pansi pa mlingo umenewo besi amayamba kucepa msanga. Cotero malita ocepa okha ndiwo amalekanitsa besi wokoma ndi besi wouma.

Palinso lamulo lina limene amisiri amalicha ndi dzina la Josef Anton Hofmann, mmodzi wa oyambitsa kampani ya KLH. Likuti pa zinthu zitatu, ndizo bokosi laling'ono, besi wozama, ndi mau okwera pa magetsi ocepa, munthu angathe kusankha ziwiri zokha. Wosankha kabokosi ka kutsogolo wasankha kale cimodzi, ndipo akafuna besi wozama adzalipira ndi magetsi ambiri. Kuonjeza apo, mau akatsika ndi theka la hertz zace, mbale iyenera kukankha mpweya woculuka kanai kuti amveke mofanana; ndipo mbale ya mainchi 12 ya m'buti ili ndi nkhope yaikulu pafupi-fupi kanai kuposa ya mainchi 6.5. Walira mvula walira matope: amene afuna malo a katundu asayembekeze besi wogwedeza mazenera a nyumba za m'komboni.

Komabe pali zotonthoza ziwiri. Coyamba, cipinda ca galimoto n'cacing'ono kwambiri poyerekeza ndi mafunde a besi, ndipo mazenera akatsekedwa cimakweza mau a pansi aja amene bokosi lotseka limawacepetsa. Sipika imene ingamveke yofooka pabwalo imamveka yokhuta m'galimoto. Caciwiri, besi wocokera kutsogolo amalumikizana bwino ndi mau a woyimba, osamveka ngati gulu lina lilikuyimbira kumbuyo.

KUYESA MALO NCHITO ISANAYAMBE

Galimoto za m'Zambia, zambiri zocokera ku Japan, zili ndi ciongolero kudzanja lamanja, cotero kabokosi kali kumanzere. Mmisiri wanzeru amayamba wakacotsa, natenga tochi, nayang'anitsitsa zimene zili kuseri kwace, pakuti malo amenewo ali ndi eni ace.

Mwini malo wamkulu ndi airbag, thumba lopindidwa limene limafufuma galimoto ikagunda cinthu, kuti munthu asamenye mutu pa galasi kapena pa dashibodi. Limakhala pamwamba peni peni pa kabokosi, ndipo limafufuma gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi lisanathe. Mawaya ace kawiri kawiri amakhala acikasu. Amenewa sadulidwa, salumikizidwa ndi waya wina, ndipo zitsulo zogwira thumbalo siziboledwa kapena kumangiriridwa kanthu. Galimoto zina zatsopano zilinso ndi thumba la maondo pansi pa kabokosi, ndipo Ford Mustang ya 2015 ili nalo m'citseko ca kabokosi mweni mweni. Pamene palembedwa kuti SRS kapena AIRBAG pa citseko cotere, nchito yathera pomwepo. Sipika ikafunidwe malo ena. Amene amakhala pa mpando umenewo ndi mkazi wa mwini galimoto, kapena amai ace, ndipo moyo wao suli wosinthanitsa ndi nyimbo.

Eni malo ena ndi sefa ya mpweya wolowa m'galimoto, imene m'ma Toyota ndi ma Honda ambiri imakhala kuseri kwa kabokosi, ndiponso cokupizira mphepo, ndi mafyuzi pa galimoto zina. Sefa imeneyi imadzala pfumbi m'cilimwe ndipo iyenera kusinthidwa. Cifukwa cace bokosi la sipika limangidwe ndi mabauti omasuka, lisamatidwe kosatha.

Atatha kuona zonsezi, mmisiri ayese malita. Kabokosi ndi kokhota-khota, lula saikhoza nchitoyi. Njira yapafupi ndiyo kuyalamo pulasitiki, kudzazamo cimanga cokonola, kenaka kuciyesa ndi botolo la lita imodzi. Pa nambala imene apezeyo acotsepo malo a makoma ndi a maginito a sipika. Apa m'pamene ambiri amadabwa. Malo a masentimita 28 m'litali, 20 m'mimba ndi 18 kuya ali ndi malita 10. Akamangamo bokosi la matabwa a mamilimita 18, m'kati mumatsala malita osakwana 6. Koma akaumba makoma a faibagalasi a mamilimita 6, ndi thabwa kutsogolo kokha, mumatsala malita pafupi-fupi 8. Ndico cifukwa cace nchito imeneyi imafuna faibagalasi.

Sipika igulidwe pambuyo pa kuyesa, osati patsogolo pace. Yoyenera malo otere ndi ya mainchi 6.5, kapena ya mainchi 8 ya msana waufupi, imene pepala lace likunena kuti ikhoza kugwira nchito m'bokosi lotseka la malita amene apezekawo. Bokosi la paipi yotulutsira mpweya, limene anyamata amalikonda m'buti, siliyenera pano, pakuti bokosi likacepa paipi yace iyenera kutalika, ndipo ingadye malo onse.

KAUMBIDWE KA BOKOSI

Mwini galimoto acita bwino akagula kabokosi kena kakale kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zophwasulidwa, nasunga kace keni keni, kuti tsiku logulitsa galimoto adzakabwezerepo. Kakale kaja ndiko kakhale cikombole, ndipo nchito yonse icitikire panja pa thebulo, osati m'galimoto.

M'kati mwace amamatamo tepi, nayala pepala lonyezimira la aluminiyamu, napakapo phula kuti utomoni usakakamire. Nsalu ya faibagalasi amaing'amba tizidutswa tonga cikhato. Utomoni, umene m'sitolo amaucha resin, amausakaniza ndi mankhwala oumitsa, gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100. Asakanize pang'ono pang'ono, cifukwa umalimba msanga, makamaka m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Amapaka utomoni, nayala nsalu, naisindikiza ndi nsonga ya burashi kufikira thobvu lonse la mpweya litatuluka. Akayala kawiri amaleka kuti ciume, nabwerezanso, kufikira khoma litafika mamilimita ngati 6. Khoma limene lipindika polisindikiza ndi cala cacikulu silinakwane.

Mankhwala amenewa si oseweretsa. Pfungo lace limazunguza mutu, utomoni umatentha pouma ndipo umagwira moto, ndipo dontho la mankhwala oumitsa likagwa m'diso likhoza kulipha. Mmisiri abvale magalasi, zobvala za m'manja ndi cophimba mphuno, makamaka podula ndi pokwecha. Fodya ndi mbaula zikhale kutali, ana naonso akhale kutali.

Nkhope ya bokosi, pamene pakhala sipika, ikhale ya thabwa la MDF kapena pulaiwudi ya mamilimita 18, yoboola pakati molingana ndi mbale. MDF imatupa ikanyowa, cotero ipakidwe penti. Thabwali amalilumikiza ndi cigoba ca faibagalasi ndi nsalu ndi utomoni, namata msoko wonse m'kati. Kabowo kotulutsira waya amakatseka ndi silikoni, nadikira tsiku lathunthu kuti aume. M'kati amaikamo thonje la m'mapilo, momasuka, osatsindira. Limathandiza bokosi kucita ngati lakulako pang'ono. Sipika ikamangidwa, akankhe mbale mofatsa ndi zala zoyalidwa mozungulira pakati pace. Ikamalimbalimba ndi kubwerera mwaulemu, bokosi latseka. Ikamangolowa mopepuka ndi kumveka mpweya ulikufwenthera, pali podontha.

Kamangiridwe kace n'kofunikanso. Loko ndi mahinji a kabokosi anapangidwira mapepala, osati maginito olemera. Pa mseu wa maenje adzathyoka, ndipo pangozi bokosi lomasuka limasanduka mwala woponyedwa pa maondo a munthu. Limangidwe ndi tizitsulo ndi mabauti pa malo olimba amene kabokosi kanamangidwapo kale, lisatulukire kunja kuposa m'mene citseko cinalili, ndipo likhale lopanda nsonga zakuthwa. Pamaso pa mbale paikidwe sefa ya citsulo yoteteza ku mapazi ndi zikwama. Pamene pulasitiki ikhudzana ndi inzace aikepo siponji, cifukwa dashibodi yolira imaononga nyimbo kuposa kusowa besi.

ZA MAGETSI

Wailesi ya m'galimoto payokha ilibe mphamvu yoyendetsa subwoofer, pafunika ampulifaya. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi imene yalembedwa RMS, osati zikwi zija amazilemba ndi zilembo zazikulu pa katoni. Ampulifaya ikhale pansi pa mpando, popita mphepo, ndipo ma ohm ace agwirizane ndi a sipika, kaya 4 kaya 2.

Asanakhudze waya ali yense, mmisiri amasule waya wa negativi pa batire, nadikire mphindi zimene buku la galimotoyo likunena, pakuti makina a airbag amasunga magetsi kanthawi batire itamasulidwa. Ampulifaya ya mawati 200 pa mavoti 12 imakoka maampu oposa 16, cotero ifuna waya wonenepa wocokera ku batire. Pa waya ameneyu paikidwe fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuzi imeneyi imateteza galimoto yonse: waya akaperepeseka nakhudza citsulo, fyuzi imapsya m'malo mwa galimoto. Pamene waya apyola khoma la citsulo lolekanitsa injini ndi anthu, adutse m'mphira. Waya wa negativi wa ampulifaya akhale waufupi, womangidwa pa citsulo copalidwa penti. Amene sadziwa bwino za magetsi apite kwa wodziwa. Safunsa anadya phula.

KUCHERA MAU NDI KUSUNGA MAKUTU

Pa ampulifaya pali kabatani kosefa mau. Kaikidwe pa hertz ngati 80, kuti subwoofer iyimbe besi yekha, mau ena onse iwasiyire masipika a m'zitseko. Besi akamveka wocepa, asinthanitse mawaya awiri a sipika ndi kumveranso, pakuti nthawi zina subwoofer imakankha pamene anzace alikukoka. Mbali imene besi akhuta ndiyo yoona. Mbale ikayamba kugogoda kapena kununkha copserera, yapitirira malire ace, ndipo mau atsitsidwe msanga.

Mau otsiriza ndi a makutu, ndipo anchito a m'migodi amawadziwa kuposa ena. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anchito, limati phokoso la madesibelo 85 lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo pa madesibelo 3 ali onse oonjezeka nthawiyo idulidwe pakati: pa 88 maola 4, pa 100 mphindi 15 zokha. Munthu amene wakhala shifiti yonse pafupi ndi makina oboola miyala watha kale gawo lace la tsikulo, ndipo akalowa m'galimoto natsegula nyimbo mpaka kumapeto, alikubwereka ngongole imene adzalipira ku ukalamba. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kulira kwa m'makutu pambuyo pa ulendo ndilo cenjezo. Ndiponso dalaivala ayenera kumva huta ya mnzace, ambulansi, ndi sitima pamene mseu udutsa njanji.

Tsono kabokosi ka kutsogolo kakhoza kusunga besi, koma besi wa msinkhu wace: wokhuta, womveka bwino, wokwanira anthu a m'galimoto okha. Amene ayesa malita poyamba, naumba makoma olimba, nalemekeza thumba la mpweya ndi fyuzi, adzamva kalindula wace ali wathunthu pa mseu wa ku Chingola, ndipo katundu wace adzakhala ndi malo. Amene ayesa napeza kuti malo sakwana, abwezere kabokosi pamalo pace, nafunefune pansi kapena kuseri kwa mpando. Palibe manyazi pamenepo. Koma wofuna kukakamiza sipika yaing'ono kuti ibangule ngati ya m'holo ya dansi akumbukire mau a akulu akale, akuti ng'oma yoliritsa siicedwa kung'ambika.